Bokosi la M'siling'i

Linabwera pa basi ya ku Joni,
pakati pa mabulangete ndi njinga ya mwana wa eni,
katoni yake itanyowa ngodya imodzi.
Jawadu anandiimbira usiku:
"Twaliki, ukawaikire bambo. Ndalama ndatumiza kale.
Akakufunsa, dzina langa usalitchule kawiri."

Nyumbayo ili ku Mpondasi. Anaimangitsa pa foni,
mwini wake sanaipondemo.
Mawindo agalasi omata ndi labala,
chitseko chokaniza ndi nyerere yomwe,
makina oziziritsa akung'ung'udza pabalaza.
Kuzizira kunalimo, inde,
koma mpweya wake unali wadzana,
wa usipa wokazinga Lachiwiri,
wa mafuta opaka pamtima,
wa chifuwa cha Che Mbwana
cholira ngati mahinjesi adzimbiri.
Ukati utsegule windo,
Okutobala amalowa yense ndi fumbi la kumapazi kwake.

Ndinakwera m'siling'i mwazini atangomaliza kuitana,
poti dzuwa likakwera, malata amaotcha munthu ngati mbatata.
Mileme inandilandira ndi fungo lake.
Ndinaboola khoma pawiri, motalikirana,
kuti wotuluka asabwererenso pakhomo la wolowa.
Mapaipi anayi, tepi, thukuta m'maso.
Bokosilo ndinalipachika pamtanda wa bulugama,
kulipendeketsa pang'ono
kuti madzi ake azitsika m'kapaipi
mpaka patsinde la papaya kuseri.

Pansi pa makwerero Che Mbwana sanachoke.
"Chimadya chiyani?"
"Mayunitsi, koma sichadyera."
"Nanga m'mimbamo?"

Ndinatsitsa mtima wake kuti aone,
timapepala tosanjikizana ngati zisa za njuchi.
Uwu wa m'nyumba, wozizira koma wotopa, umatulukira uku.
Uwu wa panja, watsopano koma wamoto, umalowera uku.
Sasakanikirana.
Amangodutsana, kakhoma kopyapyala pakati,
wolowayo n'kumusenzetsa wotulukayo kutentha kwake,
afike kuchipinda kwanu atafatsa.

"Osalonjerana?"
"Osalonjerana, bambo."

Anavula chisoti, kuchitembenuza m'manja,
kuchivalanso.
"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero,
koma sankauza ine.

Cha m'ma leveni ndinakanikiza switchi.
Palibe chinagunda. Kanyale kobiriwira basi,
ndi kaphokoso konga munthu wogona chipinda china.
Ndinang'amba kachidutswa ka nyuzipepala,
kukaika pakamwa pa paipi ya kuchipinda.
Kanagwedezeka, kanavina pang'ono.
Abiti Sumani anaseka atagwira pakamwa:
"Ndiye kuti nyumbayi tsopano ikupuma?"

Malangizo ndinapatsa iwo, poti ndiwo amakumbuka.
Sefa iyi muziichotsa mwezi ukatha,
mudzapezamo fumbi la malole a ku Namwera,
mapiko a udzudzu, mwinanso nalimata wosochera.
Kuikuntha, kuitsuka, iume pamthunzi.
Pophika, batani lachitatu. Usiku, loyamba.
Magetsi akathima, musadikire bokosi,
tsegulani mawindo monga kale.
Ndi chitsulo chabe ichi, sichidziwa kuti muli moyo.

Ndikumanga zida pa kaliyala,
Che Mbwana anandipeza pageti.
Anapuma kamodzi, mozama,
ngati woyesa ngati mlatho ungamunyamule.
Chifuwa chinalirabe, koma chapansipansi.

"Foni yakoyo imajambula?"
"Imajambula."
"Kajambule kanyale kaja. Umutumizire."
"Ndilembepo chiyani?"
"Usalembe kanthu."

Ndinabwerera, ndinajambula, ndinatumiza.
Pamlatho wa Shire foni inanjenjemera m'thumba.
Ndinaima pambali, a kabaza akundiimbira mabelu.
Jawadu naye sanalembe kanthu.
Anatumiza chithunzi cha windo la kachipinda kake,
lamatabwa, galasi losweka pakona,
lotsegula theka.

Mawa ndili ndi fani ya ku chipatala yoti ndikonze,
ndipo njira ya ku Mpondasi si yanga.
Komabe ndidzadutsako.
Kapaipi ka papaya kaja n'kofunika kukaona ngati kakudontha,
ndipo foniyi ndidzaisiya pampando,
itayaka.